Mng'alu Umene Ndinabisa pa Namkungwi

Za ubwana wanga ku Pembamoyo sindilemba, pakuti amene tinakula tikuweta mbuzi nkhani yathu ndi imodzi. Inu ana anga, Tereza ndi Paulo, mumadziwa kuti bambo anu anali makanika wa sitima. Koma pali chinthu chimodzi chimene sindinakuuzenipo ndi pakamwa panga, ndipo ndicho chandikhazika pansi ndi cholembera.

Ntchito yoyamba

Ndinachoka kuno ndili ndi zaka makumi awiri, kalata ya abambo a ku parishi ili m'thumba. Ndinakalembedwa ntchito pa kampani ina yowotcha laimu, kutali chakumadzulo, kufupi ndi njanji yaikulu. Kampaniyo inali ndi kanjanji kakekake kochokera kokumba miyala, kudzera ku mauvuni, mpaka pa siteshoni. Pakanjanjiko pankayenda mitu itatu ya sitima yoyendera dizilo. Yonse inali ya mtundu umodzi, yaifupi, yobiriwira, ya mawilo asanu ndi limodzi olumikizidwa ndi mikono yachitsulo monga sitima zakale za malasha. Woyamba unabwera dziko lisanalandire ufulu, iwiri inayo inabwera pambuyo pake. Woyambawo ankautcha Namkungwi. Dzinali anaupatsa ndi a Sakala, dalaivala wochokera ku Katete, ati chifukwa dalaivala aliyense watsopano ankavinidwira pamenepo asanamupatse mutu wina.

Kapitawo wathu anali a Chisanga, munthu wamfupi, wosaseka pa ntchito. Miyezi isanu ndi umodzi sanandilole kugwira sipanala. Ntchito yanga inali kupukuta basi, kuyambira pa denga mpaka pa mawilo. Nditadandaula anandiyankha kuti wopukuta ndiye amayamba kuona pamene pakuchucha. Ndi iwo amene anandiphunzitsa kufufuza mng'alu pachitsulo: umatsuka ndi parafini, n'kupukuta, n'kupaka choko chosungunula, ndipo chikauma umagogoda ndi nyundo. Ngati pali mng'alu, parafini wobisala mkati amatuluka n'kujambula kamzere pachoko. Ndinakwera pang'onopang'ono mpaka ndinakhala makanika wamkulu wa mitu itatuyo. Nthawi yonseyi amayi anu anali kuno, kulima ndi kukulerani, ine n'kumabwera kamodzi pachaka.

1990

Pofika chaka chimenechi zipangizo zinali zitasowa. Tikaitanitsa chitsulo kunja, yankho linkabwera loti tidikire, ndipo tinkadikira mpaka kuiwala chimene tinaitanitsa. Magasiketi otseka kuti mafuta asachuche tinkadula ku makatoni. Mafuta tinkasefera pa bulangete lakale. Mabawuti otha tinkawatola m'fumbi n'kuwadulanso mazinga. Komabe sitima zinkayenda, ndipo ndinkanyada nazo.

Tsiku lina m'mwezi wa Juni ndinali pansi pa Namkungwi ndi choko changa. Pa ekiselo yapakati, chitsulo chija chimagwira mawilo awiri, kufupi ndi wilo la kumanzere, panatuluka kamzere kopyapyala ngati tsitsi, kotalika ngati chala changa chaching'ono. Ndinapukuta n'kuyambiranso, kamzere kanabwereranso. Ndinaitana a Chisanga. Anagwada, anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anadzuka n'kusasa maondo. Lamulo tonse tinkalidziwa: mutu wotere umaimitsidwa tsiku lomwelo. Koma ekiselo ina kunalibe, ndipo kuuimitsa kunali kuupha, chifukwa akuluakulu anali atayamba kale kulankhula zogulitsa zitsulo zosagwira ntchito. A Chisanga anati kanjanji kathu n'kakafupi, sitima zimayenda ngati ngolo, tingochepetsa mabogi amene Namkungwi amakoka ndipo ine ndizipima mzerewo Lolemba lililonse.

“Izi zikhale za ine ndi iwe, Mbewe,” anatero.

Sindikufuna kuti mlanduwu ugwere womwalira. Iwo ananena, koma wolemba papepala kuti mawilo ali bwino ndinali ine. Ndinalemba chifukwa ndinkaukonda mutu umenewo, ndiponso ndinkadzikhulupirira kuti diso langa lidzaona ngozi isanafike. A Sakala anayendetsa Namkungwi miyezi makumi awiri ali pamwamba pa mng'alu umenewo, osadziwa kanthu. Tinkadya limodzi masana, kuseka limodzi, ine osatsegula pakamwa.

1992 ndi 1993

Chaka cha chilala chija, mutu wachitatu, umene tinkangoutcha Nambala 3, unaphwanya pampu ya dizilo. Akuluakulu analamula kuti Namkungwi aime, tizichotsako zitsulo zokonzera iwiri inayo. Ndinamasula ndi manja anga pampu, manozo opopera dizilo mu injini, nyali, mpaka lipenga lake. Kunena zoona mtima unapweteka, koma unapepukanso, chifukwa mutuwo sunayendenso ndipo palibe amene anavulala. Tinaukankhira kumapeto kwa njanji, pansi pa mtengo wa mthethe. Mabowo onse a injini ndinatsekera ndi nsanza zonyika m'mafuta, m'masilinda n'kuthiramo oyilo wakale, ngakhale palibe amene anandituma.

Chaka chotsatira kampani inagulitsidwa, ambiri tinauzidwa kuti ntchito yatha. Ndinabwera kuno ndi bokosi la zipangizo, njinga ndi wailesi ya kaseti. Kuno kulibe njanji, ndipo achinyamata ambiri anali asanaonepo sitima, choncho anangonditcha a Sitima. Ndinayamba kukonza zigayo, kuyambira ku Mlolo mpaka ku Zingalume, pakuti injini ya dizilo ndi imodzimodzi, kaya ikukoka mabogi kaya ikugaya chimanga. Amayi anu ndinawalonjeza kuti ulendo wanga watha, khasu tizigwira awiri. Patapita chaka ndinamva kuti a Chisanga amwalira kwawo. Za mng'alu ndinatsala ndikudziwa ndine ndekha.

Novembala 1996

Mvula yoyamba inali itagwa usiku wa Lachiwiri, ndipo Lachitatu m'mawa tinali m'munda kubzala chimanga. Tinaona njinga ikubwera m'kanjira, kumbuyo itanyamula mayi wovala buluku, atagwira chikwama pachifuwa. Anatsika, anapereka moni mwaulemu, n'kufunsa ngati ndine a Mbewe a ku laimu. Anali Mayi Lungu, mphunzitsi wa zamainjini pa koleji ina ya ntchito zamanja. Anali atayenda masiku awiri, pa basi, pa minibasi mpaka pa boma, kenaka pa njinga imeneyo.

Titakhala pakhonde anafotokoza. Eni atsopano a kampani anali atasiya njanji, laimu ankanyamula pa malole, ndipo mitu itatu ija anaigulitsa kwa munthu wodula zitsulo. Mayi Lungu anapita kukapempha umodzi woti ophunzira awo aziphunzirirapo. Ataiona yonse anasankha Namkungwi, chifukwa iwiri inayo injini zake zinali zitadzaza madzi ndi dzimbiri, pamene ya Namkungwi inazungulira atangoikoka ndi chitsulo. Anafunsa amene anaisunga chonchi, alonda n'kutchula dzina langa. Anati mitu ya mtundu umenewu inali itatha m'dziko muno, ndipo ophunzira awo ankaphunzira za sitima pa zithunzi za m'buku. Wodula zitsulo anavomera kudikira mpaka mvula itatha. Chimene chinatsala chinali kuukokera Namkungwi ku koleji kudzera pa njanji yaikulu, ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo oyang'anira njanji ankafuna kalata ya makanika amene anapima mawilo ake komaliza. Anatulutsa pepala lotayipa kale. Pansi pake panali mpata wa dzina langa.

Ndinaliwerenga kawiri. Ndinawauza kuti mlendo sasainitsa asanadye, ndipo ndiwayankha mawa. Anakagona kwa aphunzitsi aakulu a pasukulu.

Madzulo ake tinabwerera kumunda. Ine ndinkakumba mapando, amayi anu n'kumaponya mbewu pambuyo. Mutu wanga sunali pamenepo. Ndinkati ndikasaina, Namkungwi apulumuka, ndipo ulendo ndi umodzi wokha, wosakoka katundu. Kenaka ndinkakumbukira kuti pa njanji yaikulu sayenda ngati ngolo, pali milatho, ndiponso kuti akafika ku koleji ana a eni adzakhala akukwerapo ndi kulowa pansi pake. Ndikanena zoona, Mayi Lungu atenga pepala lawo, ndipo odula abwera ndi moto wawo. Komanso aliyense adziwa kuti a Mbewe, amene alonda ankawatama, analemba bodza.

Amayi anu anaima n'kundiuza kuti mzere wanga wakhota mpaka walowa m'munda wa mtedza. Anafunsa chimene mayi uja wabwera nacho. Ndinatsamira khasu n'kuwauza zonse, kuyambira pa choko. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza anati zaka zonse zija ankaganiza kuti ndinasiya mkazi wina kumeneko, kodi ndi chitsulo. Ndinayesa kuseka, koma iwo sanaseke.

“A Sakala aja ankatitumizira sopo, munawauza?”

Ndinati ayi.

“Ndiye mukufuna muonjeze ena osawauza.”

Anawerama n'kupitiriza kuponya mbewu. Nanenso ndinapitiriza kukumba mpaka tinamaliza ndime.

M'mawa ndinapita kusukulu ndekha. Ndinawapeza Mayi Lungu akutsuka nsapato zawo kuseri kwa nyumba. Ndinawabwezera pepala losasaina, n'kuwauza pamene pali mng'alu, kutalika kwake, chaka chimene ndinauona, ndi zimene ndinalemba nthawi imeneyo. Nkhope yawo inagwa. Anati analimbana ndi akuluakulu a koleji miyezi isanu ndi itatu kuti avomere, ndipo ulendo uno analipira ndi za m'thumba mwawo. Anandifunsa chifukwa chake munthu wodziwa ntchito ngati ine anachita zimenezo. Atapinda pepala anafunsa ngati palibe njira ina iliyonse.

Ndinawauza kuti mawilo a Nambala 3 ndinawapima ndekha ndisanachoke, anali abwino, ndipo ndi ofanana ndi a Namkungwi. Anati alibe makina onyamulira. Ndinati ifenso tinalibe, tinkanyamula ndi majeke anayi, matabwa a njanji ndi amuna asanu ndi mmodzi osapupuluma. Analemba m'kabuku kawo, koma sanalonjeze kanthu. Anakwera njinga ija, ndipo potsazika sanandiyang'ane kumaso.

1997

Kalata yawo inafika kumapeto kwa Januwale kudzera ku parishi. Wodula zitsulo anali atavomera kusinthana mawilo, ati kwa iye chitsulo n'chitsulo, chong'aluka ndi chabwino zimalemera mofanana. Majeke Mayi Lungu anali atabwereka. Amuna odziwa ntchito ndiwo analibe, ndipo ankafunsa ngati ndingabwere. Ndinaiwerenga mokweza pamaso pa amayi anu, pokumbukira lonjezo langa. Anati ndimalize kaye kubandira chimanga, ndipo ndikhale nditabwera mtedza usanafike pokumba. Anandikazingira mtedza wa chaka chatha, wina anamanga padera kuti ndikapatse a Sakala.

Ndinafika m'mwezi wa Malichi. Shedi yathu inalibe denga, udzu unali utamera pakati pa njanji. Namkungwi anali pomwe ndinamusiya, magalasi osweka, mavu atamanga m'chipinda cha dalaivala. Mayi Lungu anabwera ndi ophunzira asanu ndi atatu, atsikana atatu pakati pawo. Anzanga akale anayi amene ankakhalabe m'komboni anabwera atamva, ndipo a Sakala anali mmodzi wa iwo, imvi zili mbuu, akuyendera ndodo. Anandikumbatira, tinafunsana za kumudzi. Mayi Lungu anali atangowauza kuti mawilo akufunika kusintha, osanena zambiri. Zotsalazo anandisiyira ine.

Ndinawatengera a Sakala pansi pa mthethe. Ndinapempha parafini ndi choko, ndinachita monga kale, ndipo kamzere kanatuluka. Ndinawauza kuti ndinakaona mu 1990. Anawerenga miyezi pa zala, kenaka anakhala pa njanji. Anati chaka chimenecho ankatenga mwana wawo wamkazi Loweruka lililonse, kumukhazika pampando wa wothandizira, chifukwa ankakonda kuliza lipenga. Ine ndinali nditaiwala zimenezo, kapena ndinasankha kuziiwala. Ndinapepesa, koma mawu anga anali ochepa. Anadzuka, anasiya mtedza uja pa njanji, n'kumapita.

Masiku awiri sanabwere. Ife tinayamba ntchito. Tinamasula mikono ya mawilo ndi mabuleki, tinaika majeke m'makona anayi, n'kumakweza pang'onopang'ono, aliyense kupopa kasanu n'kuima, ine n'kuzungulira kuona ngati mutu sukupendekeka, kenaka kulowetsa thabwa lina. Ophunzira ankafuna kufulumira. Mtsikana wina dzina lake Mwaka anandifunsa chifukwa chake sitikupopa kakhumi kuti tithe msanga. Ndinamuuza aike dzanja pathabwa amve mmene likulirira. Kuyambira pamenepo iye ndiye ankawerengera anzake.

Tsiku lachitatu a Sakala anatulukira atavala ovolosi yawo yakale. Sanandipatse moni. Anapita pa jeke ya kutsogolo n'kumuuza mnyamata amene analipo kuti akugwira molakwika. Tinagwira ntchito tsiku lonse. Poweruka, tikusamba m'manja ndi mchenga, anayankhula akuyang'ana m'chidebe.

“Mukanandiuza, a Mbewe, ndikanayendetsabe. Ntchito ndinkaifuna, ndipo sitima imeneyi ndinkaikonda kuposa inu. Koma mwana ndikanamusiya kunyumba. Munandilanda kusankha.”

Ndinavomera kuti n'zoona. Sananene kuti andikhululukira, ndipo sindinawakakamize. Anangofunsa ngati mtedza uja ulipobe kapena ophunzira adya.

Ntchito yonse inatenga masiku khumi ndi asanu ndi awiri, chifukwa tinayenera kukweza mitu iwiri, ndipo mvula inatiimitsa kangapo. Titatsitsa Namkungwi pa mawilo atsopano ndinapima maekiselo onse atatu pamaso pa aliyense, wophunzira aliyense n'kugogoda yekha ndi kuyang'ana yekha. Choko chinakhala choyera. Pamenepo ndinasaina pepala la Mayi Lungu. Iwo anapempha wodula zitsulo kuti awadulire chidutswa cha ekiselo yong'aluka ija, ati chikakhale m'kalasi. Anandifunsa ngati ndingalole kuti azinena nkhani yake kwa ophunzira, dzina langa lili momwemo. Ndinaganiza pang'ono, n'kuvomera. Pampu, manozo ndi lipenga tinazimasula pa Nambala 2 ndi Nambala 3 n'kuzilongedza m'mabokosi.

Tinanyamuka Lamlungu m'mawa, tsiku limene njanji inalibe sitima zambiri, mutu waukulu ukutikoka pang'onopang'ono. Ine ndi a Sakala tinakwera mwa Namkungwi. Pa siteshoni iliyonse ndinkatsika kukhudza mabeyaringi a mawilo ndi kuseri kwa dzanja kuti ndimve ngati akutentha. Zaka zonse zimene unagwira ntchito, mutu umenewu unali usanapitirirepo siteshoni ya ku laimu. Tikuwoloka mlatho woyamba a Sakala anasuzumira pawindo n'kunena kuti nkhalamba yaona dziko. Tinafika dzuwa likupendeka, ophunzira a koleji yonse ali m'mbali mwa njanji. Sindinakhalitse. Injini inkafunika miyezi yambiri, ndipo mtedza unkandidikira. Ndinafika kuno kutatsala sabata imodzi kuti tiyambe kukumba.

Ogasiti 1998

Tinali kutonola chimanga pabwalo pamene akatekisiti anabweretsa kaphukusi kochokera ku positi. Munali kaseti ndi kalata yaifupi ya Mayi Lungu. Analemba kuti ophunzira anamaliza kumanga injini, anaipenta mtundu wake wakale, ndipo inalira koyamba mwezi wathawo. A Sakala ndi amene anaiyendetsa pa kanjanji ka koleji, ndipo tsopano amabwera Lachisanu lililonse kuphunzitsa achinyamata kagwiridwe ka buleki. Mwaka anali atapeza ntchito ku migodi.

Ndinatulutsa wailesi, ndinaika mabatire amene tinkasungira nkhani za madzulo. Anthu oyandikana nafe anasiya zotonola n'kubwera. Poyamba kunamveka phokoso la anthu ndi mphepo. Kenaka injini inakhosomola kawiri, inazengereza, n'kugwira. Ndinaidziwa nthawi yomweyo, monga mmene umadziwira kutsokomola kwa m'bale wako ali kuseri kwa nyumba. Lipenga linalira, ana amene anali pabwalo anathawira kumbuyo kwa nkhokwe, akuluakulu n'kuseka. Pambuyo pake panamveka mawu a a Sakala, akukuwira pafupi ndi makina ojambulira: “A Mbewe, mwamumva mkazi wanu?”

Amayi anu anaseka mpaka anapukuta misozi ndi chitenje. Ine ndinabweza kaseti n'kumveranso, khutu lili pa sipika. Ndinabwezanso kachitatu. Anandifunsa ngati ndikufuna kumaliza mabatire tsiku limodzi. Ndinawauza kuti adikire, pali chimene ndikumva. Pa kugunda kusanu ndi kumodzi kwa injini, kumodzi kunkabwera mofooka, ngati munthu wotsimphina pang'ono. Nozo imodzi sinkapopera bwino.

Madzulo omwewo dzuwa lisanalowe ndinang'amba pepala m'kope la Paulo lakale n'kulemba yankho. Ndinathokoza onse, mmodzimmodzi. Kenaka ndinalemba kuti amasule mapaipi a manozo imodziimodzi injini ikulira, ndipo imene akaimasula kulira osasintha, ndiyo yodwala; aitsuke, ndipo ntchitoyo apatse wophunzira, asaigwire okha. M'mawa mwake ndinapopa njinga, ndinaika kalata m'thumba la malaya, n'kuyamba ulendo wa ku boma.